Wisiki, burande, jini kapena kachasu: ndi botolo liti loyenera ndalama zanu?

Msika wa fodya ukangotsegulidwa ku Chinkhoma, ogulitsa mowa pa Kasungu boma amadziwa kuti mabotolo amene akhala akutuwa ndi fumbi pashelefu yapamwamba ayamba kutsika. Munthu wakhetsa thukuta chaka chathunthu, kuchokera ku nazale mpaka kudinda mabelo, ndipo akufuna kuti kamodzi kokha agule chinthu chooneka: cha pachinkhoswe cha mwana, chokathokozera ankhoswe, kapena choti amwe ndi anzake pakhonde dzuwa litapendeka. Chimene chimandiwawa n'chakuti ambirife timagula ndi maso. Timatola dzina limene tinaliona pa Facebook, timafunsa mtengo, wokwera kwambiriwo n'kuti ndiye wabwino. Mapeto ake botolo la ndalama zankhaninkhani limathera mu Coca-Cola, mwiniwake osamva n'komwe chimene walipirira. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, botolo lochokera kunja si chinthu chongopisira m'thumba, choncho ndi bwino kuyamba mwadziwa kuti m'katimo muli chiyani.

Mphuno ya munthu wa kuno ndi yophunzira kale. Amene anakhalapo m'shedi yosankhira fodya amadziwa kunyamula tsamba, kulitambasula, kuliika pamphuno n'kuzindikira ngati lauma bwino, ngati layamba nkhungu, kapena ngati linapserera m'balani. Luso lomweli ndi limene limafunika pa wisiki. Chotsala ndi kufatsa basi.

Chimene chimasiyanitsa mabotolowa

Mowa waukali uliwonse umayamba ngati mowa wamba. Pamakhala chinthu cha shuga, kapena chimera chosandutsa mbewu kukhala shuga, yisiti n'kudya shugayo n'kutulutsa ethanol, chinthu choledzeretsa chija cha mumowa. Yisiti payekha safika patali, ukali ukamayandikira 15 peresenti amafooka. Kuti upitirire pamenepo, mowawo amauwiritsa. Ethanol amawira pa madigiri 78 pomwe madzi amadikira 100, ndiye nthunzi yoyamba kukwera imakhala yodzaza ndi ethanol. Nthunziyo ikadutsa m'paipi yozizira imasanduka madontho. Mayi wotcheza kachasu ku Chulu ndi fakitale ya ku Scotland amagwiritsa ntchito nzeru imodzimodziyi.

Kusiyana kumabwera pa zinthu zitatu. Choyamba ndi chimene apangira: wisiki ndi wa mbewu monga balere, chimanga, tirigu ndi rye (mbewu yofanana ndi tirigu); burande ndi wa mphesa; ramu ndi wa nzimbe. Chachiwiri ndi mphika wotchezera. Mphika wa mkuwa wotcheza pang'onopang'ono umasiya fungo lambiri la mbewu, pamene nsanja zazitali za m'mafakitale, zotcheza osalekeza, zimatulutsa mowa woyera kwambiri koma wopanda fungo lochuluka. Chachitatu, chimene ine ndimati ndicho mumalipirira kwenikweni, ndi mgolo. Wisiki akamatuluka m'paipi amakhala woyera mbuu ngati kachasu. Mtundu wofiirira uja, fungo la vanila, la uchi ndi la zipatso zouma, zambiri mwa izi zimachokera ku thabwa la oak m'zaka zimene wakhala ali m'mgolo. Ku Scotland mgolo uliwonse umataya pafupifupi 2 peresenti pachaka chifukwa mowa umauluka kudzera m'thabwa. Mukaona botolo la zaka 18 lili pamtengo woopsa, werengerani zaka zosungira ndi mowa wouluka uja.

Kalawidwe kake

Musalawe botolo limodzi palokha. Lilime limaiwala msanga, ndipo chimene munamwa mwezi watha simungachiyerekeze ndi cha lero. Sonkhanani anthu atatu kapena anayi, aliyense abweretse kabotolo kakang'ono ka mtundu wosiyana, kapena itanitsani matoti osiyana pabala n'kuwaika pamzere. Yambani ndi wofatsa, wautsi abwere pomaliza, chifukwa utsi ukalowa m'kamwa china chilichonse chimamveka utsi.

Tambula yabwino ndi yamimba yotakata koma yopapatiza kukamwa, chifukwa imasonkhanitsa fungo. Ngati mulibe, ya vinyo imagwira ntchito. Kapu ya pulasitiki ayi, ndipo tambula ikhale yotsukuluzidwa bwino, isamveke sopo. Thiranimo toti imodzi, mamililita 25, muisiye kaye mphindi zingapo. Mukamanunkhiza musalowetse mphuno yonse ngati mukununkhiza ndiwo; ukali umaphetsa mphuno nthawi yomweyo. Yandikitsani pang'onopang'ono, kukamwa kuli kotsegula pang'ono. Ulendo woyamba mumangomva kuwotcha. Wachiwiri ndi wachitatu ndi pamene zinthu zimayamba kuonekera: nthochi yakupsa, mtedza wokazinga, khungu la lalanje, thabwa, utsi. Musavutike ndi mawu a m'mabuku a azungu onena za zipatso zimene sitinazionepo. Ngati mukumva masuku, nenani kuti masuku.

Kenaka psonthani pang'ono, muyendetse m'kamwa monse musanameze. Funso loyamba n'lakuti, kodi kutenthako kukutsika mofatsa mpaka pachifuwa, kapena kukukanda pakhosi? Lachiwiri, mutameza chatsala n'chiyani, ndipo chakhala nthawi yaitali bwanji? Mowa wotchipa umazimiririka pompo n'kusiya kuwawa. Wabwino umakhalitsa ndipo umasintha, kuyamba ndi kutsekemera, kutsiriza ndi kuuma kwa thabwa.

Tsopano donthezeranimo madzi, theka la supuni ya tiyi, mununkhizenso. Anthu ambiri kuno amaona ngati kuthira madzi mu wisiki ndi kufooka. Dziwani kuti akatswiri osakaniza wisiki ku Scotland amasungunula mpaka ukali utsike kufika cha m'ma 20 peresenti akafuna kumva fungo lenileni. Madziwo akhale opanda fungo. A pampopi akamveka klorini, kapena a pamjigo akakhala a mchere, gulani a m'botolo. Ayezi amaziziritsa bwino mu Okutobala, koma amatseka fungo, ndiye muikeni mutamaliza kulawa.

Pali kachinthu kena kamene ndimakakonda. Dontheza madontho awiri pachikhato, tikitani manja mpaka aume, kenaka muwafumbate pamphuno. Ethanol amakhala atauluka, chotsala ndi chimene anapangira mowawo. Wisiki wa balere amamveka phala ndi buledi, wa chimanga amamveka kutsekemera, burande amamveka mphesa zouma. Mowa wongothiridwa mtundu ndi zonunkhiritsa umasiya manja omata kapena fungo la mankhwala.

Mtundu wokha usakunamizeni. Malamulo a ku Scotland ndi ku Ireland amalola kuthiramo karamelo pang'ono kuti mabotolo onse azioneka ofanana, kotero kuderako sikutanthauza kukalamba.

Wa ku Scotland

Lamulo lawo ndi lomveka: kuti atchedwe Scotch, ayenera kutchezedwa ku Scotland, kukhala m'mgolo wa oak komweko zaka zosachepera zitatu, ndipo ukali usatsike pa 40 peresenti. Nambala ya zaka yolembedwa pabotolo ndi ya wisiki wa zaka zochepa kwambiri mwa amene ali m'katimo. Akangolowa m'botolo sakulanso; botolo la zaka 12 mukalisunga m'kabati zaka khumi limakhalabe la zaka 12.

Amene timakumana naye kwambiri ndi wosakaniza, wolembedwa kuti blended: Johnnie Walker, Bell's, J&B, Grant's, Famous Grouse, Chivas Regal. Amaphatikiza wisiki wa chimera cha balere wochokera m'mafakitale ambiri ndi wisiki wopepuka wa mbewu zina. Ichi si chinyengo, ndipo Scotch wochuluka kwambiri wogulitsidwa padziko ndi wotereyu. Koma m'banja lomweli muli kusiyana kwakukulu. Johnnie Walker Red Label alibe zaka pabotolo, ndi wakuthwa, ndipo amakoma akasakanizidwa ndi soda kapena jinja. Black Label ndi wa zaka 12, wofewa, ali ndi zipatso zouma ndi kautsi kapatali. Ikani awiriwa pambali ndi pambali, opanda chosakaniza, ndipo mudzaphunzira za mgolo kuposa zimene ndingalembe pano. Ngati mukudziwa kuti mowawo ukathera mu Coca-Cola, gulani Red, ndalama yotsalayo igwire ntchito ina.

Single malt ndi wa chimera cha balere chokha, wotchezedwa m'miphika ya mkuwa pa fakitale imodzi. Sikuti nthawi zonse amaposa wosakaniza. Chimene amakupatsani ndi khalidwe la malo amodzi. A ku Speyside, monga Glenfiddich wa ku Dufftown amene anayamba kutchezedwa mu 1887, ndi Glenlivet, amakhala opepuka, a fungo la zipatso ndi maluwa. Amene anakhala m'migolo ya vinyo wa sherry wa ku Spain, monga Macallan wambiri, amakhala olemera, a zipatso zouma ndi zokometsera.

Ndiyeno pali a pa chilumba cha Islay: Laphroaig, Lagavulin, Ardbeg. Kumeneko chimera amachiumitsa ndi utsi wa peat, dothi lakuda la m'madambo lopangidwa ndi zomera zimene zakhala zikuwolerana zaka zikwizikwi. Mukatsegula botolo, chipinda chonse chimadziwa. Mumamva utsi, phula, mchere wa kunyanja, ndi kafungo ka mankhwala otsukira mabala. Ena akangonunkhiza amabweza tambula, ena amagwa nawo m'chikondi moyo wonse. Ine ndili m'gulu lachiwirili, ndipo ndaona kuti anthu ozolowera nsomba zowamba ndi fodya wa chikopa sachedwa kumumvetsa. Komabe musagule botolo lathunthu musanalawe toti, ndipo musampatse munthu ngati mphatso musanadziwe kuti amaukonda utsi. Mabotolo a mtundu umenewu kawirikawiri mumachita kukawasaka ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 130 pa M1.

Wa ku Ireland

Jameson wafala pakati pa achinyamata ogwira ntchito, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Amatchezedwa katatu, alibe utsi, amatsika mosavuta. Kampaniyi inayambira ku Dublin mu 1780, koma lero amapangidwira ku Midleton, m'chigawo cha Cork. Kwa munthu amene akuyamba kumene, kapena paphwando pamene simukudziwa zokonda za alendo, ndi chisankho chosakhumudwitsa. Chofooka chake n'chakuti sakhalitsa m'kamwa. Mukazolowera Black Label kapena single malt mumayamba kuona kuti nkhani yake ndi yaifupi.

Wa chimanga

Apa ndi pamene ndimafuna anthu a kuno ayambire, chifukwa mbewu yake ndi yathu yomwe. Bourbon wa ku America, malinga ndi lamulo lawo, ayenera kukhala ndi chimanga chosachepera 51 peresenti, ndipo ayenera kulowa m'mgolo watsopano wa oak wowotchedwa m'kati mpaka kuchita makala. Saloledwa kuthiramo mtundu, choncho kufiira kumene mukuona ndi kwa thabwa lenileni. Mgolo watsopano umapereka zambiri msanga: vanila, shuga wopserera, kokonati. Popeza mgolo sangaugwiritsenso ntchito pa bourbon wina, amaugulitsa ku Scotland ndi ku Ireland, ndipo Scotch wambiri amakulira m'migolo imeneyi. Jim Beam ndi chitsanzo chosavuta kupeza. Maker's Mark amaika tirigu m'malo mwa rye, n'chifukwa chake ndi wofewa kwambiri.

Jack Daniel's wa ku Lynchburg, Tennessee, ali pafupi kwambiri ndi bourbon. Chimanga chake ndi 80 peresenti, ndipo asanalowe m'mgolo amadontha kudutsa m'makala a mtengo wa maple okuya mamita atatu. Mununkhizeni asanakumane ndi Coca-Cola, mudzamva nthochi yakupsa bwinobwino.

Pafupi ndi kwathu kuno pali Bain's Cape Mountain Whisky, wopangidwa ku James Sedgwick Distillery ku Wellington, South Africa, ndi chimanga chachikasu cha komweko chokhachokha. Mu 2013 anasankhidwa kukhala wisiki wa mbewu wopambana padziko pa World Whiskies Awards. Ndi wofewa, wotsekemera mwaulemu, ndipo kwa ine ndi umboni wakuti chimanga cha kuno kum'mwera kwa Africa chikhoza kutulutsa chinthu chopikisana ndi wina aliyense. Fakitale yomweyo imapanganso Three Ships. Kumalo otentha mowa umalowa ndi kutuluka m'thabwa mofulumira, choncho zaka zisanu za ku Wellington si zofanana ndi zaka zisanu za ku Scotland kozizira. Musanyoze botolo chifukwa nambala yake ndi yaying'ono.

Chenjezo limodzi pa mabotolo otchipa olembedwa kuti whisky ndi zilembo zikuluzikulu: werengani tizilembo tating'ono. Ena ndi spiriti wa nzimbe wothiridwa mtundu ndi fungo, sanaonepo mgolo. Akhoza kukhala ovomerezeka ndi osavulaza, koma si chinthu chimene tikukambirana pano, ndipo musalipire mtengo wa wisiki.

Burande

Akuluakulu ambiri, makamaka amene anayendapo ku Joni, mtima wawo uli pa burande. Uyu ndi vinyo wotchezedwa, ndiye amamveka zipatso kuposa mbewu. Klipdrift ndi Richelieu wamba ndi osakaniza, gawo lina ndi la mumphika wa mkuwa lokhala zaka zitatu m'mgolo, gawo lina ndi spiriti wopepuka. Anapangidwira kusakaniza, ndipo ndi Coca-Cola amagwirizana kuposa wisiki aliyense. Premier Brandy wathu naye malo ake ndi omwewo. Koma mukapeza botolo la ku South Africa lolembedwa kuti potstill, kutanthauza la mumphika wa mkuwa lokhalokha, monga KWV wa zaka 10, limenelo ndi lomwa lokha, mofatsa.

Cognac ndi burande wa m'dera la Cognac ku France, wotchezedwa kawiri m'miphika ya mkuwa. Zilembo zake zili ndi tanthauzo: VS ndi zaka zosachepera ziwiri m'mgolo, VSOP zinayi, XO khumi kuyambira mu 2018. Hennessy VS, amene anthu amajambulitsa naye zithunzi, ali pa sitepe yoyamba ya makwerero amenewa. Ndi mowa wabwino, koma gawo lalikulu la mtengo wake ndi dzina. Ndikanakhala ndi ndalama zogulira botolo limodzi lokha, ndikanatenga potstill wa zaka 10 wa ku South Africa.

Jini, vodika ndi ramu

Jini safuna mgolo. Ndi spiriti woyera wopatsidwa fungo la tizipatso ta juniper pamodzi ndi zitsamba zina monga coriander ndi makungu a mandimu. Malawi Gin, wa spiriti wa nzimbe, sayenera kuchita manyazi pamaso pa Gordon's. Amamveka wofewa ndi wotsekemera pang'ono, pamene Gordon's ndi Tanqueray ndi ouma ndipo juniper wawo amabaya kwambiri. Pofuna kuyerekeza, thirani madzi ofanana ndi jiniyo m'matambula awiri mununkhize, kenaka muthire tonic. Masana a mu Okutobala, fumbi lili kobo pamsewu wa ku Mtunthama, palibe wisiki amene angapose Malawi Gin ndi tonic wozizira ndi kandimu, ndipo ndalama yake imatsala m'dziko momwe muno. Ndionjezepo ichi chifukwa ndimamva anthu akunena motsimikiza: kwinini wa mu tonic ndi wochepetsetsa, sachiza kapena kuteteza malungo.

Vodika cholinga chake ndi kusamveka kanthu. Wabwino ndi amene sakanda pakhosi ndipo sanunkha mankhwala. Kupitirira apo, kulipira zambiri pa vodika wothira mu juwisi ndi kutaya ndalama. Ramu amachokera ku molasesi, zotsala popanga shuga, zomwe zimatuluka zambiri ku Dwangwa kwa anansi athu a ku Nkhotakota ndi ku Nchalo. Captain Morgan Spiced Gold ndi wothiridwa zonunkhiritsa ndi wotsekemera. Osamutenga ngati muyeso wa ramu yense. Amarula, wa zipatso za mfula ndi kirimu, ukali wake ndi 17 peresenti, ndi wa pambuyo pa chakudya, ndipo sali m'mpikisano umenewu.

Kachasu

Sindingalembe za mowa wotcheza ku Kasungu n'kudumpha kachasu ngati kulibe. Amene anaonapo akutcheza amadziwa kuti ndi ntchito ya luso. Madeya, shuga ndi madzi zimakhala m'mbiya kapena m'chigubu masiku angapo mpaka thovu litasiya kuwira. Kenaka zimalowa mumphika kapena m'diramu pamoto wa nkhuni, chivundikiro n'kumatidwa kuti nthunzi isathawe, paipi n'kudutsa m'madzi ozizira amene amasinthidwa akangofunda. Mayiyo amakhala pambali akuchepetsa ndi kusonkhezera moto, maso ali pa kadontho kakugwera m'botolo. Moto ukachuluka, zonse zimapserera ndipo kachasu amanunkha chiutsi chowawa. Ana ambiri a m'midzi yathu aphunzira sukulu ndi ndalama ya madontho amenewa.

Kusiyana kwake ndi wisiki kuli pa zimene zimachitika ndi madontho oyamba ndi otsiriza. Kwathu madontho oyamba, otchedwa mutu, ndiwo mowa wofunidwa ndi wokwera mtengo chifukwa ndi waukali kwambiri. Ku Scotland madontho oyambawo amawapatula, chifukwa ndi mmene mumachuluka zinthu zouluka msanga zonunkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Otsiriza nawonso amawapatula chifukwa ali ndi mafuta olemera onunkha. Zopatulazo amazibwezera mumphika ulendo wotsatira, ndipo chimene chimalowa m'mgolo ndi chapakati chokha. Kuonjezera apo amatcheza kawiri, m'miphika ya mkuwa umene umachotsa fungo la sulufule, ndipo ukali amauyeza ndi chipangizo. Kachasu wa wotcheza waluso, wapakati, mukamuthira madzi pang'ono mumamva madeya ndi kutsekemera kwa chimanga, ndipo ndimakhulupirira kuti atapatsidwa miphika ya mkuwa, muyeso ndi mgolo, akhoza kukhala mowa woti dziko linyadire nawo, monga Brazil imanyadira cachaça, mowa wake wotcheza wa nzimbe.

Koma lero lino sindingamuike pamzere umodzi ndi mabotolo enawa, chifukwa simudziwa chimene chili m'katimo. Ukali umasintha botolo ndi botolo. Paipi ikakhala ya chitsulo cha dzimbiri kapena yomatidwa ndi mtovu, poizoni wake amalowa mumowa. Choopsa koposa ndi ogulitsa adyera amene amathiramo spiriti wa m'mafakitale kapena mankhwala ena kuti mowa ukalipe. Tonse tinamva za anthu amene anafa ku Blantyre atamwa mowa umene unatchedwa ambuye ntengeni. Methanol, poizoni amene amapezeka mu spiriti wina wa m'mafakitale, sadziwika ndi mphuno kapena lilime, ngakhale la katswiri. Kuyesa ndi machesi kuti muone ngati ukuyaka kumangokuuzani kuti ndi waukali, sikukuuzani kuti ndi wabwino. Zizindikiro za methanol zimachedwa, nthawi zina mpaka tsiku lotsatira: maso kuchita chifunga, m'mimba kupotokola, kusanza, kupuma mwabefu. Zimenezi si matsire. Munthu wotere athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo botolo limene anamwa mulitenge.

Timabotolo totchipa ta pulasitiki timene tinadzaza m'magolosale boma litaletsa masacheti, sindingakulangizeni n'komwe kuti mulawe. Tinapangidwira kuledzeretsa msanga, ndipo tikuwononga anyamata athu a kabaza ndi ana asukulu pamaso pathu.

Muyeso

Mowa waukali umanyenga chifukwa umaoneka wochepa m'tambula. Toti ya mamililita 25 ya 40 peresenti ili ndi mamililita 10 a ethanol. Botolo la mowa wamba la mamililita 330 la 5 peresenti lili ndi 16.5. Ndiye dabulo imodzi yaposa kale botolo la mowa, ndipo mabotolo ena ochokera ku South Africa amalemba 43 osati 40. Botolo la mamililita 750 lili ndi matoti 30. Anthu atatu akalimaliza usiku umodzi, palibe amene walawa kanthu. Polawa idyani kaye, ikani madzi akumwa pambali, ndipo amene wamwa asagwire chiwongolero kapena njinga yamoto pa M1. Mayi woyembekezera, munthu amene ali pa mankhwala a TB kapena a chiwindi, ndi mwana wosakwana zaka 18, zimenezi si zawo.

Mabotolo achinyengo

Dzina likatchuka, akuba amalitsata. Njira yofala ndi kutola botolo lenileni lopanda kanthu n'kuthiramo spiriti wotchipa wa mtundu wofanana. Yang'anani chitsekerero: kamkombero kake kakhale kosaduka, kosamatidwa ndi guluu, ndipo polipotokola limveke kuthyoka. Ikani mabotolo awiri a mtundu umodzi pamodzi muone ngati mowa walekezera pofanana ndipo mtundu ndi umodzi. Pepala likhale lomatidwa mowongoka, zilembo zosafufutika. Pa mowa wopangidwa m'dziko muno funani chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Wina akakubweretserani Black Label m'chikwama pa theka la mtengo wa m'sitolo, akuti wadutsa naye pa Mwami, musiyeni apite. Pabala, ngati toti ya dzina limene mumalidziwa ikumveka yachilendo, musadzikayikire, bwezani. Ndipo botolo lanu likatha, ng'ambani pepala lake musanalitaye.

Ndiye mugule liti?

Paphwando la anthu ambiri, pamene aliyense adzasakaniza, Malawi Gin ndi burande wosakaniza akwanira, ndipo palibe amene adzadandaule. Ngati mukufuna kuyamba kuphunzira wisiki, yambani ndi wa chimanga, Bain's kapena bourbon, mumuike pambali pa Jameson. Kutsekemera kwa chimanga ndi kupepuka kwa wa ku Ireland zidzakuphunzitsani kusiyanitsa popanda kukuopsezani. Mukazolowera, pitani pa Black Label, kenaka single malt wa ku Speyside, utsi wa ku Islay ubwere mtima ukafuna wokha.

Mphatso ya munthu wamkulu, kaya ndi apongozi kaya ankhoswe, imafuna kufufuza kaye mwakachetechete. Ambiri kuno samwa chifukwa cha mpingo, ndipo kuwatengera botolo kukhoza kuwononga chimene mumafuna kumanga. Kwa otere mbuzi kapena thumba la feteleza zimalankhula bwino. Ngati amamwa, funsani ana awo kuti madala amakonda chiyani. Wokonda burande mukamupatsa single malt wodula adzathokoza mwaulemu, koma mtima wake udzakhala pa Klipdrift. Wozolowera burande mum'kwezere pa potstill, wozolowera Red Label mum'kwezere pa Black.

Botolo labwino mukaligula, lisungeni choimika, osati chogoneka ngati vinyo, chifukwa ukali umadya chitsekerero cha khokho. Likhale kutali ndi zenera ndiponso kutali ndi denga la malata, m'kabati yamdima yozizirirapo. Losatsegula limakhala zaka zambiri osasintha. Lotsegula, likatsika kupitirira theka, mpweya umayamba kuba fungo pang'onopang'ono, choncho mukaona kuti latsala pang'ono ndipo simulimaliza posachedwa, tsanulirani m'kabotolo kakang'ono kagalasi kotsuka bwino, mutseke zolimba.